Kangaude Woyenda Pamwamba pa Madzi

M'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, pamene mtsinje wa Lilongwe waphwera, madzi amadekha m'mbali mwa bango kufupi ndi Area 4. Mphunzitsi amene aimirira pamtunda ndi ana ake (asawalole kulowa m'madzimo, pakuti madzi odekha ndiwo kwawo kwa nkhono za likodzo) adzaona tizilombo tikuthamanga pamadzi monga pabwalo. Ayambe wawerengetsa miyendo. Ka miyendo 6 si kangaude ayi. Kangaude ali nayo 8. Tsono mwana wina adzafunsa kuti, "Nanga bwanji sakumira?"

Ambiri a ife timayankha kuti, "Chifukwa ngwopepuka." Yankho limeneli nloperewera, ndipo mwana wochenjera adzaligwetsa poponya kamchenga m'madzi: nkopepuka koposa kangaudeyo, koma kamira.

Nkhani yeniyeni ili pa madziwo. Timadontho ta madzi timakokana tokhatokha, kotero kuti pamwamba pake pamakhala ngati pali khungu lopyapyala. Miyendo ya kangaude wa m'madzi ili ndi ubweya wochuluka wosalowa madzi, monga nthenga za bakha. Akaponda, khungulo silibooka, koma lingolowa pansi pang'ono monga chikopa cha ng'oma ukachisindikiza ndi chala, ndipo limkankhira m'mwamba. M'kalasi chitani chotere: ikani singano pa kachidutswa ka nyuzipepala, muyandamitse m'mbale ya madzi. Pepala likanyowa lidzamira, singano nitsala pamwamba. Kenaka donthezerani madzi a sopo. Singanoyo idzamira pomwepo, pakuti sopo amafooketsa kukokana kuja.

Kuima nkwina, kuyenda nkwinanso. Pamadzi palibe pogwira phazi. Nanga apita bwanji patsogolo? Robert Suter wa ku America, amene anayamba kufalitsa zofufuza zake pa nkhaniyi m'zaka za m'ma 1990, anaonetsa kuti kangaude wosodza amapalasa. Miyendo yapakati, iwiri mbali iyi ndi iwiri mbali inayo, imakankhira m'mbuyo timaenje tija ta pakhungu la madzi, ndipo timaenjeto tigwira ntchito ya nkhafi. Akaopsedwa asiya kupalasa, nathamanga molumphalumpha. Ena amangokweza miyendo m'mwamba kuti mphepo iwakankhe ngati thanga la ngalawa. Ndipo mu 2015 akatswiri ku England analemba za tiakangaude tina timene timaponya ulusi wake m'madzi ngati nangula pofuna kuima.

Kuno ku Africa akangaude osodza ambiri ndi a mtundu wotchedwa Nilus. Amagwira tsamba ndi miyendo yam'mbuyo, yam'tsogolo ili pamadzi kumvera timafunde, ndipo amagwira ambululu ngakhale tinsomba.

Nanga akangaude aakulu aubweya okhala m'mauna, amene Azungu amati tarantula? Pano pali masamu oyenera ana a makalasi apamwamba. Chilombo chikakula kawiri m'litali, m'lifupi ndi m'msinkhu, kulemera kwake kumachuluka ka 8, pamene utali wa mwendo wokhudza madzi wangochuluka kawiri. Motero khungu lija silingathe kusenza chilichonse, ndiye chifukwa chake khoswe sayenda pamadzi. Kangaude wamkuluyo amathandizidwa ndi mpweya wotsekeredwa mu ubweya wake, umene umuyandamitsa pamene iye akupalasa ndi miyendo yam'tsogolo. Mpweya womwewo utchinjiriza ziboo zopumira zimene zili kunsi kwa mimba yake. Sakonda madzi ayi. Amawoloka pothawa mdani kapena pamene mvula yadzaza una wake, ndipo ubweyawo ukanyowa ndithu, amira monga kamchenga kaja.