Ulendo wa Pansi: Kuchokera pa Chinsapo Kukalowa m'Dzalanyama

(Nyimbo yotsegulira. Kenako mabelu a njinga ndi kulira kwa atambala.)

Lero situdiyo taitseka. Mangani zingwe za nsapato, tungani madzi m'botolo, chifukwa tili ndi ulendo.

Taima pa Chinsapo, m'mbali mwa msewu wopita ku Likuni, ndipo kunja kukadali mbuu. Mabelu mukumvawo ndi a njinga za makala. Njinga imodzi matumba atatu, ina anayi, omangidwa ndi malegeni mpaka chishalo osaoneka. Mwini wake sakwera. Akukankha, chifuwa chili pa handulo, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira, ndipo potsetsereka amachita kukoka mapazi pansi kuti katundu asamuthawe. Ambiri mwa abambo amenewa ayenda usiku wonse. Dzuwa likamafika pamutu, makalawa adzakhala atamwazikana: ena ku Kawale ndi ku Biwi, ena ku Area 23, ena kutsidya kwa mzinda ku Mgona ndi ku Area 25, atathiridwa m'timajumbo toti mayi agule ka lero lokha.

Iwowa akulowa m'tauni. Ife tilowera kumene akuchokera, kumwera chakumadzulo, ku nkhalango ya Dzalanyama.

Tisanamizane, makilomita pafupifupi 60 si oyenda pansi onse. Minibasi itifikitsa pa Likuni, pamene ansembe a White Fathers adakhazikitsa mishoni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo kutsogoloko tidalira kabaza wa njinga yamoto m'fumbi. Koma muli pa kabazapo tayang'anani uku ndi uku. Chigwa cha Lilongwe ndi minda yokhayokha: mapesi a chimanga, zigafa za fodya, mizere ya mtedza. Kenako mwadzidzidzi muona kamsitu kobiriwira, mitengo ikuluikulu itaunjikana pakati pa mbee. Musamuuze wa kabaza kuti aime mukapume pamthunzipo. Amenewo ndi manda, ndipo m'midzi yambiri ya Achewa kufupi ndi manda ndi kumene kumakhala dambwe la gule wamkulu. Nkhwangwa idamaliza mitengo yonse m'chigwamu, koma ya kumanda idaiopa. Amene akufuna kudziwa mmene dera lino linkaonekera agogo athu asanabadwe ayang'ane timisitu timeneti ali patali.

Cha ku Malingunde kuli madamu awiri a Kamuzu, loyamba la mu 1966 ndi lachiwiri la mu 1989. Onse adatchinga mtsinje wa Lilongwe, ndipo ndi kumene bungwe la Lilongwe Water Board limasunga madzi a mzinda wonse. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu pafupifupi 990,000 mu mzinda wa Lilongwe. Madzi amene mayi wa ku Mgona amakhalira pa mzere pa kiyosiki, ndi amene amatuluka pa mpopi wa ku Nyumba ya Malamulo, gwero lake ndi limodzi: mapiri amene ayamba kuoneka kutsogolo kwathuwa.

(Phokoso la mapazi pa masamba ouma. Mbalame.)

Tsopano tatsika, tayamba wapansi. Dzalanyama idakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, nthawi ya atsamunda. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000, ndipo imakhudza maboma atatu: Lilongwe, Dedza ndi Mchinji. Pamwamba pa mapiriwa ndi pamene padutsa malire a Malawi ndi Mozambique. Mvula yogwa mbali ya kuno imatsikira mu Lilongwe ndi mu Diamphwe, n'kukathira mu Linthipe mpaka ku nyanja ku Salima. Yogwa mbali inayo imalowera ku Zambezi.

Choyamba chimene munthu wa m'tauni amazindikira muno ndi kuzizira kwa mpweya, chachiwiri ndi kuti akutha kumva kupuma kwake komwe. Iyi ndi nkhalango ya miombo. Si yowirira moti n'kufuna chikwanje. Mitengo yake ndi yotayana, nthambi zake zotambalala pamwamba, kuwala kumalowa mpaka pansi. Mukabwera mu Seputembala, mvula isanaganize n'komwe zogwa, mupeza miombo itaphuka masamba ofiira ndi ofiirira, mapiri onse ali psuu, kenako pakapita masabata ochepa n'kusanduka obiriwira. Mlendo amayesa mitengo ikuuma, pamene ndiye ikudzuka.

Taimani pa mtengo uwu. Wina adausenda khungwa mbali imodzi kuti apeze luzi, ndipo chilondacho chidapola n'kusiya chipsera chachitali. Pafupi pake pali msuku, masamba ake akuluakulu olimba amene amalira khofokhofo mukawaponda. Masuku amene ana amagula m'mabeseni pa depoti chaka chikamatha amachokera m'mitengo ngati uwu, palibe adaudzala. Mvula ikagwa, pansi pano pamadzaza bowa. Utale umamera pa chulu, koma manyame ndi ndelema amamera pokhapokha pamene pali mizu ya miombo yamoyo, chifukwa bowawo ndi mizuyo zimadyetsana pansi pa nthaka. N'chifukwa chake simudzawapeza m'munda wa bulugamu kapena wa paini. Amayi othyola bowa amazidziwa bwino zimenezi ngakhale sadaziwerenge m'buku, ndipo ndi amene amayamba kudandaula mtunda ukamatalika chaka ndi chaka.

Anyani mudzawamva asanakuoneni, kapena tinene kuti adzakuonani musanawamve. Agwape ndi nguluwe zilimo, koma zimene mudzaone kwambiri ndi mapazi ake m'matope a m'khwawa. Alendo ochokera kunja amabwera ndi zoonera patali kudzafuna mbalame za m'miombo zimene ndi zosowa kwina, ndipo amatha m'mawa wonse khosi lili m'mwamba.

(Mapazi aima.)

Fungo mwalimva? Ndi utsi, koma osati wa lupsa. Taonani patsogolopa: mulu wautali wa dothi, ukufuka pang'onopang'ono m'timing'alu. Umenewu ndi uvuni. Mkati mwake muli zipika zosanjidwa bwino, zofundikidwa ndi udzu ndi zibuma, ndipo moto umadya mobisika kwa masiku angapo. Pozungulira pake patsala zitsa zofika m'mawondo, zina zikutulukabe utomoni. Mwini wake watimva kale ndipo wabisala. Sitimufunafuna.

Boma lidatumiza asilikali a nkhondo kudzalondera nkhalango ino mu 2015, zinthu zitafika poipa. Lamulo la nkhalango la mu 1997, limene lidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo. Komabe njinga zija zimafika pa Chinsapo m'mawa uliwonse. Ine ndimaona kuti kumuloza chala wootcha yekha ndi chinyengo. Iye amaotcha chifukwa kuli wogula, ndipo wogulayo ndi inu ndi ine, amene mbaula zathu sizizima, kaya nyumba ili ndi magetsi kaya ilibe. Chokomera miombo n'chakuti siifa msanga. Chitsa chikasiyidwa osachizula, moto osadutsapo chaka ndi chaka, chimatulutsa mphukira, ndipo mudzaona malo ena amene adadulidwa kale atabwerera kukhala msitu wa mitengo ing'onoing'ono. Chimene nkhalangoyi ikusowa ndi mpata wopuma.

(Ng'oma chapansipansi.)

Tikamakwera chitunda, tikulowanso m'mbiri. M'mapiri ano ndi mmene muli Kaphirintiwa, malo amene Achewa amati anthu adayambira. Nkhani yake imati kalekale dziko linali louma, lopanda chamoyo. Tsiku lina kumwamba kudatseguka, mvula idagwa, ndipo Chauta adatsika pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse. Adatera pa thanthwe limene linali lofewa, ndipo mapazi awo adadindika pomwepo thanthwelo lisanaume. Onse ankakhala pamodzi mwamtendere mpaka tsiku limene munthu adapekesa timitengo tiwiri n'kutulutsa moto. Tchire lidayaka. Nyama zidathawa zili ndi mkwiyo, kupatula galu, mbuzi ndi zina zochepa zimene zidathawira kwa munthu. Bilimankhwe adakwera mumtengo, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Kuyambira pamenepo, akuti, munthu adayamba kufa. Agogo amene adatisiyira nkhani imeneyi ankadziwa bwino chimene moto umachita m'nkhalango ya miombo mu Okutobala.

Kachisi wamkulu wa mvula adali ku Kaphirintiwa komweko asanasamukire ku Msinja, m'munsi mwa mapiriwa. Kumeneko ndi kumene kunkakhala Makewana, mayi wa fuko la Banda amene mafumu a mphamvu, ngakhale Undi amene, ankamutumizira mphatso chilala chikavuta. Ufumu wa nkhondo ndi milandu unali wa a Phiri, koma mvula inali m'manja mwa a Banda. Makewana sankameta tsitsi, poti ankakhulupirira kuti akameta mvula idzaleka. Ankatumikiridwa ndi akazi otchedwa matsano. Kunali Kamundi, amene ankaimira Thunga, njoka yopatulika, ndiponso Tsang'oma, woyimba ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri imene inkaitana anthu ku nsembe. Nkhondo za Angoni m'zaka za m'ma 1800 zidapasula kachisiyo, ulemerero wake udachepa, koma udindo wa Makewana sudafe. Amene akufuna kuzama awerenge Mbiri ya Achewa ya Samuel Ntara.

Chimandidabwitsa n'chakuti mwana wa ku Kawale angakuuzeni za phiri la Sinai ndi mtsinje wa Yordano, koma Msinja, amene ali m'boma lake lomwe, sadamumvepo. Anthu a m'makomboni athu sikuti amaopa mapiri. Pitani ku phiri la Bunda, njira ya ku Mitundu, mukaone magulu a amayi atanyamula mabaibulo ndi zitenje akukwera thanthwe lake kukachezera kupemphera, pa phiri limenenso makolo ankapempherapo mvula. Miyendo ilipo. Chosowa ndi wotiuza kuti kulinso kwina kopita, ndipo sukulu zathu zikadatha kuchita zimenezi ndi basi imodzi pa teremu.

Ngati mwaganiza zopita, nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, misewu ikadali youma. Nthawi ya dzinja matope ake amagonetsa galimoto panjira. Pitani pagulu, ndipo yambirani kwa alangizi a za nkhalango kuti akupatseni wokutsogolerani, chifukwa tinjira ta m'nkhalangomu timafanana ndipo malire a Mozambique alibe mpanda. Malo a kachisi ndi a makolo si ongofikapo ndi foni m'manja. Mukaonekere kaye kwa amfumu a m'deralo, munene chimene mwadzera, ndipo akakuuzani kuti vulani nsapato kapena pano sajambula, mverani. Machesi asiyeni m'thumba, ndipo majumbo ndi mabotolo anu mubwerere nawo kumene mwachokera.

Mwamvera pulogalamu yathu ya mbiri ndi miyambo. Sabata ya mawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakwera phiri la Nkhoma, kumene anthu a mfumu Mazengera ankabisala pothawa Angoni amishoni asanafike mu 1896. Mudzatchere khutu.