Ulendo wa pandege kuchoka ku Mwanza: masamu ake ali pa Zalewa

Munthu wochokera ku Mwanza amene ali ndi zochita ku Lilongwe amafika pa Zalewa ali ndi njira ziwiri. Akakhotera kumanzere, msewu wa M1 umamutengera kumpoto kudzera pa Phalula, Chingeni, Ntcheu ndi Dedza mpaka kulikulu la dziko lino. Akakhotera kumanja, amawoloka mtsinje wa Shire n'kulowera ku Blantyre, komwe angakakwere ndege pabwalo la Chileka.

Ndege ya pakati pa mizinda iwiriyi imakhala mumlengalenga nthawi yosakwana ola limodzi, ndipo ichi ndicho chimakopa anthu. Koma ola limenelo ndi kagawo chabe ka ulendo wonse. Wamalonda wa pachipata cha Mwanza, wogwira ntchito kukhonsolo amene waitanidwa ku Capital Hill, ngakhale wachinyamata amene akukayesedwa pofuna ntchito, onsewa ayenera kuwerengera nthawi kuyambira pakhomo pawo mpaka pakhomo la ofesi yomwe akupitayo asadagule tikiti. Wolakwitsa masamu amenewa amataya ndalama komanso chomwe amayendera.

Kuwerengera maola

Ku Mwanza kulibe bwalo lomwe ndege zonyamula anthu zimatera, choncho ulendo umayamba ndi galimoto. Kuchoka paboma kukafika ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kutsata msewu wa M6 mpaka pa Zalewa, kenako wa M1 kudutsa pa Mdeka, Lirangwe ndi Lunzu. Wopita ku Chileka safunika kulowa m'tauni: amakhotera pa raundabauti ya Kameza. Pagalimoto yake, munthu angaike maola awiri pagawo limeneli poganizira malole akuluakulu ochokera ku Tete ndi ku Beira omwe amadzadza mumsewuwu, komanso chipikacho cha apolisi pa Zalewa. Wodalira minibasi awonjezerepo, chifukwa minibasi sinyamuka isadadzadze ndipo imaima paliponse pomwe pali wokwera.

Pabwalo la ndege, n'kwanzeru kufika kutatsala ola limodzi ndi theka kuti ndege inyamuke. Ndegeyo ikatera pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, pamakhala kudikira katundu, kenako ulendo wina wa makilomita pafupifupi 25 kudzera ku Kanengo kukafika ku City Centre. Zonsezi zikaphatikizidwa, ulendo umakwana maola asanu kapena asanu ndi limodzi.

Pomwe wokhotera kumanzere pa Zalewa ali ndi makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Mwanza, omwe galimoto yabwino imatha m'maola anayi ndi theka kapena asanu. Apa zikuonekeratu kuti kwa munthu wa ku Mwanza, ndege siyopambana msewu pa liwiro lokha. Nkhaniyi imasiyana kwa wokhala mu Blantyre, yemwe ali pamtunda wa makilomita osakwana 20 kuchokera ku Chileka.

Komabe pali nthawi zomwe ndege imakhala ya phindu. Wodwala kapena wachikulire amene sangathe kukhala pampando wa galimoto maola asanu mosalekeza amapeza mpumulo. Amene ali ndi zochita ku Blantyre lero ndi msonkhano ku Lilongwe mawa m'mawa angathe kugona mumzindawo n'kulawirira ku Chileka, m'malo moyenda usiku pamsewu wodzadza ndi malole, njinga ndi anthu oyenda pansi. Chimodzimodzinso amene akukakwera ndege ina ku Lilongwe yopita kunja kwa dziko lino.

Ndege yake ndi iti?

Kampani yomwe imayendetsa ndege pakati pa Blantyre ndi Lilongwe ndi ya Malawi Airlines. Idayamba kuuluka mu January 2014, kulowa m'malo mwa Air Malawi yomwe idakhazikitsidwa mu 1964 n'kutsekedwa mu 2013 chifukwa cha ngongole. Poyikhazikitsa, boma la Malawi lidatenga magawo 51 pa 100 alionse, ndipo kampani ya Ethiopian Airlines idatenga magawo 49. Ndege zake ndi za mtundu wa Boeing 737 komanso Q400, yocheperapo ya mapulopela awiri.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti nthawi zambiri ulendo wa Blantyre ndi Lilongwe umakhala gawo la ulendo wautali. Ndege imodzimodziyo imatha kukhala ikuchokera kapena kupita ku Johannesburg ngakhale mizinda ina ya m'maiko oyandikana nafe. Ichi ndi chifukwa chake nthawi zonyamukira sizifanana masiku onse a pasabata, komanso kuchedwa komwe kwachitika kunja kumatha kukhudza wodikira pa Chileka. Wokhala ndi msonkhano wofunika asasankhe ndege yofika kutatsala mphindi zochepa kuti msonkhanowo uyambe.

Kugula tikiti

Tikiti imagulidwa pa intaneti, kumaofesi a kampaniyi kapena kwa maejenti ovomerezeka a zaulendo. Mosiyana ndi basi, mtengo wa mpando wa m'ndege sukhala umodzi. Mipando imagawidwa m'magulu a mitengo, ndipo yotsika ikatha yotsalayo imakwera, choncho wogula tsiku la ulendo litayandikira nthawi zambiri amalipira zambiri. Mitengo imatsatiranso mphamvu ya kwacha, popeza mafuta a ndege, zipangizo ndi inshulansi zimalipiridwa m'ndalama zakunja. Pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umene munthu adauzidwa chaka cham'mbuyo udasiya kukhala muyezo wodalirika.

Safunsa adadya phula. Asadalipire, wogula afunse zinthu zitatu: kodi tsiku lingasinthidwe ndipo pamtengo wanji, kodi ndalama zingabwezedwe ulendo ukalephereka, nanga chimachitika n'chiyani ndege ikamusiya. Matikiti otsika mtengo ndiwo amakhala ndi malamulo okhwima. Kwa wochokera kutali ngati ku Mwanza, komwe tayala limodzi lophulika pa Lisungwi lingasokoneze dongosolo lonse, tikiti yolola kusintha tsiku ingakhale yotchipa pamapeto pake ngakhale itakwererapo pogula.

Dzina lolembedwa patikiti lifanane ndi la pachiphaso, chilembo ndi chilembo. Paulendo wa m'dziko momwemuno, Mmalawi amaonetsa chiphaso cha unzika chochokera ku National Registration Bureau kapena pasipoti. Mayi amene amadziwika ndi dzina la kubanja koma chiphaso chake chili ndi dzina la makolo ake alembetse la pachiphasolo.

Tikitiyo imalembedwa mwachidule. BLZ ndi Chileka, LLW ndi bwalo la Kamuzu, pomwe 3W ndi chizindikiro cha Malawi Airlines. Nthawi imalembedwa mwa maola 24, kutanthauza kuti 07:30 ndi m'mawa ndipo 19:30 ndi madzulo. Palinso nambala ya zilembo zisanu ndi chimodzi yotsimikizira kuti malo asungidwa. Amene wagula kudzera mwa munthu wina, makamaka wodziwana naye pa Facebook kapena WhatsApp, atsimikize nambala imeneyi kukampani asadanyamuke ku Mwanza.

Katundu ndi nyengo

Kulemera kwa katundu wololedwa kumalembedwa patikiti, ndipo wopitirira muyezo amalipitsidwa padera. Izi aziganizire amene akufuna kunyamulira abale a ku Lilongwe manachesi otchuka a ku Mwanza: thumba lomwe kondakitala wa basi angalikankhire pansi pa mpando, kubwalo la ndege limakwera pasikelo.

Mipeni, malumo ndi zina zakuthwa siziloledwa m'chikwama cha m'manja. Zamadzimadzi monga mafuta odzola zikhale m'timabotolo tosapitirira mamililita 100, apo ayi zilowe m'chikwama chachikulu. Koma power bank ndi mabatire apadera zimayenera kukhala m'chikwama cha m'manja, chifukwa zikayaka moto zili kumalo a katundu palibe angazizimitse msanga. Mankhwala, ndalama, laputopu ndi zikalata za msonkhano nazonso zisachoke m'manja mwa mwini wake.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Kuyambira November mpaka April, mvula ya mabingu imatha kuchedwetsa ndege komanso kuvutitsa pamsewu. M'miyezi yozizira ya June ndi July, chiperoni chimabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza m'madera ozungulira Blantyre. Woyendetsa ndege sanyamuka kapena kutera ngati sakutha kuona bwino, ndipo palibe madandaulo a okwera omwe angasinthe lamulo limeneli. N'chifukwa chake pogula tikiti munthu apereke nambala ya foni ndi imelo zomwe amagwiritsadi ntchito, kuti uthenga wa kusintha kwa nthawi umupeze.

Tsiku la ulendo

Ngati ndege ndi ya m'mamawa, njira yotetezeka ndiyo kugona ku Blantyre. Izi zimawonjezera ndalama za malo ogona, koma zimachotsa chiopsezo choyenda mumdima kuchoka ku Mwanza. Woyenda pagalimoto yake athire mafuta dzulo lake, poti m'zaka zaposachedwapa mafuta akhala akusowa nthawi zina, ndipo mzere wa pamalo omwetsera mafuta sudziwa kuti wina ali ndi tikiti m'thumba.

Akafika ku Chileka, wapaulendo amaonetsa tikiti ndi chiphaso pakauntala, amapereka chikwama chachikulu n'kulandira chikalata chokwerera chomwe chili ndi nambala ya mpando. Kapepala ka nambala ya chikwama kasungidwe bwino, chifukwa ndiko umboni wake katundu akasowa. Kauntala imatsekedwa ndege isadanyamuke, ndipo wofika itatsekedwa amabwezedwa ngakhale ndegeyo akuiona ili pabwalo.

Mayendedwe ochokera ku Lumbadzi kulowa mumzinda akonzedwenso pasadakhale, kaya ndi wachibale, galimoto ya kuntchito kapena takisi yomwe mtengo wake wagwirizanidwa asadakwere. Ndalama imeneyi, pamodzi ndi ya ulendo wa Mwanza kukafika ku Chileka ndi ya malo ogona, iphatikizidwe pamtengo wa tikiti. Chiwerengero chomwe chatuluka pamenepo, cha maola ndi cha makwacha, ndicho chiyenera kuuza munthu mbali yokhotera akafika pa Zalewa.