Za Ana Athu Okhala ku Joni

Tikayenda pa mseu wochokera ku Balaka kunka ku Liwonde ndi ku Ntaja, tiona nyumba zambiri za njerwa zofolera malata. Ndipo tikafunsa mwini wache, atiyankha kuti, Ali ku Joni.

Ulendowu suli wa lero ai. Makolo athu analembedwa ndi Wenela kukakumba golide ku Johannesburg, kufikira m'chaka cha 1974 ndege inagwa ku Francistown niipha aMalawi oposa 70, ndipo boma linaimitsa kulembako.

Koma ana a lero amuka okha, popanda wowalemba, nadzera pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge. Kumeneko asokera eni mzinda zobvala, awalimira maluwa, nasenza katundu m'masitolo a ku Mayfair ndi Fordsburg. Mzindawo udyera thukuta lao, koma iwo athithikana m'kachipinda kamodzi, kuti ndalama ya feteleza ifike kwa amai ao kumudzi. Wopezeka wopanda zikalata amtsekera ku Lindela.

Mu 2008 chipolowe chodana ndi alendo, choyambira ku Alexandra, chinapha anthu 62. Chitabukanso mu 2015, boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu ache. Ambiri anatsika chimanjamanja. Koma posakhalitsa tinamva kuti ena abwerera komweko.