Ana a ku Helpston amakumbukira mlakatuli wawo ndi maluwa

Mwezi wa Julayi ukafika, ana a pasukulu ya pulaimale ya John Clare m'mudzi wa Helpston, pafupi ndi mzinda wa Peterborough ku England, amakhala ndi ntchito yapadera. Amatenga zibuma zadothi zokhala ndi kapinga, n'kuzika maluwa pamwamba pake, kenaka amandandana ulendo wa ku tchalitchi cha St Botolph. Kumeneko amakayala zibumazo mozungulira manda a mlakatuli yemwe sukulu yawo inatengera dzina. Ndakatulo zolemba anawo zimamvekanso pamwambowo.

Apa ndiye kuti chayamba chikondwerero cha John Clare, chomwe chimachitika kumathero a sabata yoyandikira 13 Julayi, tsiku lomwe iye anabadwa mu 1793. Okonza ndi a bungwe la John Clare Society, lomwe linakhazikitsidwa mu 1981. Alendo amamvera nkhani ndi ndakatulo m'tchalitchi, amayendera nyumba yaudzu yomwe Clare anabadwiramo, ndipo ludzu amakaphera ku Blue Bell, bala ya khomo loyandikana nalo komwe iye ankagwira ntchito ali mnyamata.

Clare anali mwana wa munthu wolima maganyu, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Komabe mu 1820 buku lake loyamba linamutchukitsa ku London. Ankalemba za zisa za mbalame, mitengo ndi tinjira ta kwawo m'chiyankhulo chenicheni cha kumudzi, chomwe omusindikizira mabuku ankakonda kuchiwongola.

Chomwe chinamupweteka mtima ndi mipanda. Mu 1809 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti minda ndi madambo a ku Helpston agawidwe n'kutchingidwa. Malo omwe amphawi ankadyetsapo ziweto anasanduka a anthu ena, mitengo inagwetsedwa, timitsinje tinawongoledwa, ndipo munthu wodutsa pomwe makolo ake ankadutsa anayamba kuonedwa ngati wolakwa. Ndakatulo zake zowawa kwambiri zinachokera pamenepa, ndipo n'zomwe zikumukokera owerenga atsopano masiku ano, makamaka anthu odera nkhawa chilengedwe.

Kutchuka sikunakhalitse. Mabuku anasiya kuyenda malonda, umphawi unakula, mutu unasokonekera. Mu 1837 anamutengera ku chipatala cha amisala cha High Beach ku Essex. Mu Julayi 1841 anathawako n'kuyenda wapansi makilomita pafupifupi 130 kubwerera kwawo, njala itamukwana mpaka kudya udzu wa m'mbali mwa msewu. Ankafuna kukaona Mary Joyce, bwenzi la paunyamata, osadziwa kuti anamwalira mu 1838. Chaka cha 1841 chisanathe anamutsekeranso m'chipatala china cha amisala ku Northampton, komwe anakhala mpaka kumwalira pa 20 Meyi 1864.

Maliro ake anabwerera ku Helpston monga ankafunira mwini wake.

N'chifukwa chake mwambo wa ana uja uli wokoma kuposa zokamba za akatswiri. Clare mwini analemba za zibuma zamaluwa zotere ngati mwambo wakale wa anthu akumudzi, ndipo ankafuna buku lake lina lidziwike ndi dzina la mwambowo, The Midsummer Cushion. Ali moyo sizinatheke. Bukulo linatuluka lathunthu mu 1979, patatha zaka 115 iye ali m'manda, ndipo mu 1989 dzina la Clare linaikidwa pakati pa alakatuli otchuka mu Westminster Abbey ku London.