Cinkhwe Coopa Dzanja Cifuna Woweta Wodekha

Mlimi aliyense woweta nkhuku adziwa zimene zimacitika pabwalo kabawi akangodutsa m'mwamba. Thadzi limalira kamodzi, ndipo anapiye onse amathawira kunsi kwa nkhokwe ngakhale palibe anawaphunzitsa. Mantha otere ndiwo amasunga moyo wa mbalame. Komatu mantha omwewo ndiwo amasautsa anthu oweta zinkhwe za mtundu wa conure, pakuti zambiri zimathawa kapena kuluma mwini wake akangolowetsa dzanja m'khola.

Bvutoli si laling'ono ai. Conure yosamalidwa bwino imakhala ndi moyo zaka 20 kapena kuposa. Ngati iopa dzanja, idzakhala zaka zonsezo mwamantha, ndipo ikadwala kudzakhala kobvuta kuiona bwino ndi kuipatsa mankhwala. Zina zimayamba kudzizula nthenga kaamba ka nkhawa, zina zimangosinthidwa nyumba cifukwa eni ake atopa nazo. Mankhwala a bvutoli alipo, koma sagulidwa m'sitolo. Ndiwo kuilola mbalameyo kubwera yokha ku dzanja, pa nthawi yake.

Mbalame ya ku America

Conure ndi dzina la gulu la zinkhwe zazing'ono za micira yaitali, zimene kwao ndi ku Central America ndi ku South America. Imene iwetedwa kwambiri m'nyumba ndi ya masaya obiriwira, imene akatswiri amati Pyrrhura molinae. Imapezeka m'nkhalango za ku Bolivia, Paraguay, kumadzulo kwa Brazil ndi kumpoto kwa Argentina. Kutalika kwake pamodzi ndi mcira ndi masentimita 26, ndipo imalemera magalamu 60 mpaka 80, kungoposa pang'ono dzira la nkhuku. Ina yodziwika ndi ya nthenga zacikasu ngati dzuwa, yocokera kumpoto kwa Brazil ndi ku Guyana. Imeneyi inagwidwa kwambiri ndi amalonda kotero kuti mu 2008 inalembedwa m'gulu la mbalame zimene zingathe kuzimirira.

Kwao m'nkhalango mbalamezi zimayenda m'magulu, kudya pamodzi ndi kugona pamodzi. Cotero conure ya m'nyumba imafuna bwenzi ndithu. Cimene imakana si munthu, koma dzanja.

Cifukwa cace iopa dzanja

Cinkhwe ndi mbalame yosakidwa ndi zinzake zolusa, ndipo adani ake ambiri amacokera kumwamba. Dzanja lotsika kucokera pamwamba, zala zitatambasuka, limaoneka ngati zikhadabo za kabawi. M'khola mulibe kothawira, cotero mantha amakula kowirikiza.

Kale zinkhwe zambiri zinali kugwidwa m'thengo ndi kutumizidwa kutsidya kwa nyanja. Dziko la United States linaika lamulo loletsa malonda otere pa mitundu yambiri mu 1992, ndipo maiko a European Union anatsekeratu khomo mu 2007. Lero conure zambiri zimaswedwa m'makola. Ngakhale zili tero, mantha sanathe. Ina inaleredwa ndi makolo ake osakhudzidwa ndi munthu, ina inafumbatidwa mwankhanza poigulitsa, ina inathamangitsidwa m'khola ndi ana. Cinkhwe siciiwala msanga.

Kuluma nakonso kumaphunziridwa. Mbalame imayamba yacenjeza. Imapendekera kumbuyo, imamata nthenga ku thupi, imatsegula mlomo kapena kuthawira ku ngodya. Munthu akapanda kusamala macenjezo amenewa, iyo imaluma, ndipo dzanja limacoka. Pamenepo yaphunzira kuti kuluma ndiko kokha kumene munthu amamva. Kuikalipira, kuimenya pa mlomo kapena kugwedeza khola kumangoitsimikizira kuti inali ndi cifukwa coopera.

Munthu amene anadikira

Ku mzinda wa San Francisco, m'dziko la United States, kuli gulu la conure za mitu yofiira zimene zimakhala mwaufulu m'mitengo ya m'mzindamo. Mtundu wake ndi wa ku Ecuador ndi Peru, ndipo makolo a gululi anali mbalame zoweta zimene zinathawa kapena kutayidwa. M'zaka za m'ma 1990, a Mark Bittner, amene anali kukhala pa citunda ca Telegraph Hill, anayamba kuika njere za mpendadzuwa m'mbale kunja kwa nyumba. Poyamba anali kuonerera ali patali. Tsiku ndi tsiku anali kusendera pang'ono, osacita phokoso ndiponso osatambasula dzanja. Patapita miyezi, mbalame zija zinayamba kudya m'manja mwao.

Nkhaniyi inajambulidwa m'filimu ya The Wild Parrots of Telegraph Hill, imene a Judy Irving anatulutsa mu 2003. Mbalame zimenezo zinali ndi mapiko athunthu ndi thambo lonse lothawiramo, koma zinabwera zokha. Ngati kudekha kunatha kukopa gulu laufulu, kungathenso kukopa mbalame imodzi ya m'nyumba. Akulu-akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira yake

Nchito imayamba ndi malo a khola. Liikidwe m'cipinda cimene anthu amakhalamo kawiri-kawiri, mbali imodzi itagunda ku cipupa kuti mbalame ikhale ndi potsamira. Likhale pamwamba, molingana ndi cifuwa ca munthu, kutali ndi amphaka ndi agalu. Masiku oyamba woweta angosintha madzi ndi cakudya pang'ono-pang'ono, osayesa kuigwira.

Kenaka woweta akhale pansi pafupi ndi khola, pa mtunda umene mbalame sitekeseka. Ayankhule nayo motsitsa mau, ndipo asaiyang'anitsitse ndi maso onse awiri, pakuti umo ndi mmene cilombo cimayang'anira nyama. Mbalame ikamadya, kudzikonza nthenga kapena kuima ndi mwendo umodzi munthu ali pomwepo, ndiye kuti mtima wake uli pansi. Mawa mpando usendere pang'ono. Ikaonetsa mantha, mpando ubwerere pamene unali dzulo.

Cacitatu ndico kupeza cakudya cimene imakonda koposa. Mwina ndi ngala ya mawere, njere ya mpendadzuwa, kapena kacidutswa ka papaya. Cakudya cimeneco cisaikidwenso m'mbale ya masiku onse, koma cizicokera kwa woweta yekha. Poyamba aziponya kambeu m'kambale ndi kucokapo. Pambuyo pace agwire ngala yaitali ya mawere kunja kwa waya, kuti mlomo ufike ku cakudya zala zili patali. Masiku akamapita, ngalayo izifupika mpaka mbalame itatola njere pakati pa zala. Nkofunika kukumbukira kuti mbalame sisungidwa ndi njala kuti imvere. Cakudya cake ca masiku onse ciyenera kukhalapo ndithu.

Oweta ambiri amagwiritsanso nchito kamtengo kakang'ono kosalala. Mbalame ikagunda nsonga ya kamtengo ndi mlomo, woweta amanena liu limodzi lomwelo, monga lakuti “eya”, ndi kuipatsa njere nthawi yomweyo. Posacedwa imayamba kutsata kamtengoko kuli konse. Motero itha kutsogozedwa kufika pa khomo la khola, kutuluka ndi kulowanso, popanda kuigwira konse. Khola lisanatsegulidwe, mazenera ndi zitseko zikhale zotseka.

Kukwera pa cala ndiko kotsiriza. Dzanja libwere kucokera kutsogolo ndi cakumunsi, liime cete pafupi ndi mtengo umene mbalame yaimapo, ndipo njere igwidwe ndi dzanja lina kuseri kwa calaco. Tsiku loyamba mbalame idzangotambasula khosi. Tsiku lina idzaponda ndi phazi limodzi, kenaka ndi onse awiri. Ikakwera, woweta asaitenge kupita nayo kwina, koma ailole kutsika pamene ifuna. Mbalame imene idziwa kuti ingathe kutsika ndiyo imakweranso mawa.

Pano pali polakwira pamodzi pamene ambiri amagwapo. Cinkhwe cimagwiritsa nchito mlomo ngati phazi lacitatu, ndipo cisanaponde pa nthambi cimayamba caiyesa ndi mlomo kuti cione ngati ndi yolimba. Woweta wamantha amaganiza kuti alumidwa, nabweza dzanja msanga. Mbalame imagwa, ndipo nchito ya milungu yambiri imaonongeka. Dzanja liyenera kulimba ngati nthambi.

Phunziro limodzi lisapose mphindi 5 kapena 10, kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo lithe mbalame isanatope. Ina imazolowera m'milungu iwiri, ina imatenga miyezi yambiri, makamaka ngati inazunzidwapo. Ziliponso zimene zimakwera pa kamtengo koma osabvomera kusisitidwa mpaka kale. Zimenezo nazonso zaweteka, ndipo ziyenera kulemekezedwa.

Thanzi ndi cikhulupiriro ziyendera pamodzi

Mbalame yodwala kapena yosagona bwino siphunzira. Conure imafuna maola 10 mpaka 12 a mdima ndi bata usiku uli wonse. Isapatsidwe kotapela, cokoleti, khofi, mowa kapena zamcere, pakuti zingathe kuipha. Nsawawa zacuku nazonso ndi zoopsa. Mapapo a mbalame sacedwa kugwidwa ndi utsi, cotero mbaula ndi fodya zikhale kutali. Mbalame yozolowera ikayamba kuluma mwadzidzidzi, kapena kukhala itafufuma nthenga usana wonse, ionetsedwe kwa dokotala wa ziweto. Woweta asambe m'manja akatha kusesa khola, cifukwa zinkhwe zina zimanyamula matenda a cifuwa amene amagwiranso anthu.

Zinkhwe za m'dziko muno

Conure siipezeka m'thengo la Zambia, koma abale ake alipo. M'cigwa ca Luangwa muli tizinkhwe tobiriwira ta nkhope zofiirira timene timagona m'mphako za mitengo ya tsanya, imene ena amati mupani. Kumwera cakumadzulo, pakati pa mitsinje ya Kafue ndi Zambezi, kuli mtundu wina wa masaya akuda, umene kwao kweni-kweni ndi m'dziko muno. Mtunduwu unagwidwa koopsa m'zaka za m'ma 1920 kuti ugulitsidwe kunja, ndipo mpaka lero sunaculukenso monga kale.

Cotero njira yafotokozedwa panoyi ndi ya mbalame yobadwira m'khola, yopezedwa mwalamulo. Siili cilolezo cokateya zinkhwe ndi ulimbo kapena kufukula ana m'mphako. Lamulo la nyama zakuthengo la 2015 liletsa kugwira kapena kusunga mbalame zotere popanda cilolezo ca dipatimenti ya National Parks and Wildlife. Ngakhale ku San Francisco, akulu a mzinda analetsa kudyetsa zinkhwe zija m'malo a anthu onse mu 2007, poopa kuti zikazolowera manja a aliyense zidzagwa m'manja oipa. Mbalame ya m'thengo imatetezedwa ndi mantha ake.

Koma imene ili kale m'khola ilibenso nkhalango yothawirako, ndipo moyo wake wonse uli m'manja mwa woiweta. Iyeyo akafulumira, adzakhala zaka 20 ndi mbalame yoluma. Akadekha miyezi yowerengeka cabe, adzakhala zaka zomwezo ndi mbalame imene imathamangira ku khomo la khola ikangomva mapazi ake.