Kumangira mbale nyumba: ndalama ndi zake, mbiri ndi yanu

Mukamayenda kwa Tsabango, ku Area 23 kapena kwa Chinsapo, muona nyumba zambiri zitaima pa windo, udzu utamera m'kati. Zina mwa nyumbazi eni ake ali ku Joni, ndipo anauzidwa kalekale kuti malata anakhomedwa. Tsiku limene adzatsike basi, chibale chidzathera pomwepo. Lero tikambirane za inu amene achimwene, alamu kapena mwana wanu anakudalirani kuti muziwayang'anira ntchito yomanga.

Choyamba, ndalama ikabwera pa Mukuru kapena pa foni, si yanu. Vuto limayamba pang'ono. Mwana amubweza kusukulu chifukwa cha fizi, kumudzi kwagwa maliro, inu n'kutapako kuti mudzabweza mwezi ukatha. Mwezi umathadi, koma dzenje limangokula. Zikakuthinani, imbani foni mupemphe poyera. Kupempha kulibe mlandu, koma kutapa mwakabisira ndi kuba, ngakhale mwini ndalamayo munayamwa naye bere limodzi. Gwirizananinso poyamba pomwe za kangachepe kanu ka thiransipoti ndi mayunitsi, kuti mtima usamanyinyirike.

Chachiwiri, gulani kope. Lembani tsiku, ndalama yomwe yabwera, chomwe mwagula, ndipo sungani malisiti onse. Kumbukirani kuti boma linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya simenti ndi malata inakwera. Munthu amene ali kunja amakumbukira mtengo umene anausiya. Mukamuuza mtengo watsopano opanda lisiti, aganiza kuti mukumudyera. Jambulani lisitiyo pamodzi ndi pomwe khoma lafika, mumutumizire pa WhatsApp sabata iliyonse. Ndalama ikachepa, nenani lero lomwe, osati khoma litaima miyezi itatu.

Chachitatu, mmisiri musamulipire ndalama zonse ntchito isanathe. Lemberanani mtengo wa gawo lililonse: faundeshoni, kufika pa windo, bimu, denga, pulasitala. Gawo likatha, liwoneni ndi maso anu kenaka mulipire. Tsiku losakaniza konkire mukhalepo, ndipo madzulo muwerenge matumba opanda kanthu, chifukwa simenti imatuluka pa puloti mosavuta. Konkireyo azimuthirira madzi kwa masiku osachepera 7 kuti alimbe. Pogula malata dziwani kuti a 28 geji ndi okhuthala kuposa a 32. Mwini akatuma a 28, musagule opyapyala kuti chenji chikhale chanu. Dzinja lidzakuululani.

Chachinayi, mapepala a malo. Kwa Tsabango ambiri amagula malo kudzera kwa mafumu. Kalata ya malowo ikhale m'dzina la mwini wake, osati lanu, ndipo pakhale mboni. Ngati puloti ili m'malire a mzinda, pulani ivomerezedwe ndi khonsolo ya Lilongwe musanakumbe. Musatengeke ndi malo otchipa a m'mbali mwa mtsinje. Madzi osefukira a mu December 2017 anagwetsa nyumba ku Kawale ndi ku Biwi. Mwini ali kutali sangaone kutsetsereka kwa malo, maso ake ndinu.

Nanunso amene mumatumiza ndalama, musakwiye mukauzidwa zoona. Mukamakalipa nthawi zonse mtengo ukakwera, mukuphunzitsa mbale wanu kunama. Ndipo abambo, mayi a kunyumba adziwe za nyumba mukumangayo ndi komwe kuli mapepala. Alipo amayi amasiye amene amamva za puloti ya amuna awo achibale atalowamo kale.

Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona, koma fupa limathyoka. Ngati mukuona kuti simungasunge ndalama ya mwini osaikhudza, kanani udindowu lero. Adzakwiya sabata imodzi, koma mudzapitiriza kudyera mbale imodzi.