Kuboola Nthaka ya Bwalo la Gofu Mvula Ikamatsanzika

Mwezi wa Marichi ukafika, osamalira mabwalo a gofu ku Harare, Lusaka, Lilongwe ndi Johannesburg amakhala ndi ntchito imene osewera saikonda, yoboola udzu umene ukuoneka wosalala bwino. Mlendo angayese kuti akuononga, koma bwalo limene lalumpha ntchitoyi limadzaonetsa zipsera m'nyengo yachisanu.

Vuto limayamba m'dzinja. Nthaka yonyowa ikamapondedwa tsiku ndi tsiku ndi osewera ndiponso makina otchetchera, timipata todutsa mpweya ndi madzi timatsekeka. Pamwamba pake pamaunjikana mizu ndi timitsinde takufa, zomwe zikachindikala kupitirira sentimita imodzi zimasunga chinyontho ndi kuitana matenda a chuku. Mizu imafupika, madzi othirira amangoyenderera, ndipo feteleza safika pamene akufunika.

Pofuna kuthetsa zimenezi, amagwiritsa ntchito makina okhala ndi mano amphako ngati timipope, amene amalowa pansi masentimita 7 mpaka 10 ndi kuzula timibulu tadothi. Timibuluto timasesedwa, kenaka amamwaza mchenga wouma wosefa bwino ndi kuukokera m'maenjemo ndi burashi mpaka adzaze. Mchengawo ndiwo umasanduka njira ya mpweya ndi madzi. Akathirira mokwanira, mabalawo amapola m'masabata awiri kapena atatu.

Nthawi yogwirira ntchitoyi imatsata mtundu wa udzu, pakuti bala limapola msanga pa udzu umene ukukula. Udzu wa bentgrass, umene umabzalidwa pozungulira dzenje la mpira m'mabwalo ambiri a kumtunda kwa South Africa, umakonda kutentha kwa madigiri 15 mpaka 24, choncho kuyamba kwa masika ndi nthawi yake yeniyeni. Kapinga ndi kikuyu ndi udzu wa nyengo yotentha, umene umagona nthaka ikazizira kufika pa madigiri 10. Pa udzu wotere kuboola kuthe masabata anayi kapena asanu ndi limodzi kuzizira kusanayambe. Amene wachedwa mpaka Meyi amasiya maenje apululu kwa miyezi itatu, ndipo udzu wachilendo umapezerapo mpata. Wotereyu ndi bwino adikire Seputembala kapena Okutobala.

Kadyetsedwe nakonso kamasintha. Feteleza wa nayitrojeni amachepetsedwa, chifukwa masamba anthete otuluka mochedwa ndiwo amayamba kupsa ndi chisanu, pamene wa potashi amalimbitsa udzu. Mpeni wa makina otchetchera umakwezedwa pang'ono kuti udzu usunge chakudya m'mizu.

Alangizi ambiri sadzaitanidwa ku bwalo la gofu, komabe phunziro lake lili pakhomo pawo. Bwalo la mpira la pasukulu, msipu wozungulira dibi kapena mjigo, ndi munda umene khasu kapena pulawo yakhala ikulekeza pa muyeso umodzimodzi chaka ndi chaka, zonsezi zimadwala nthenda yomweyi. Pabwalo laling'ono foloko ya m'dimba imakwanira, ndipo m'minda ya ku Zambia chipangizo chong'ambira nthaka cha Magoye, chokokedwa ndi ng'ombe, chimagwira ntchito yofananayo. Mlangizi akaona madzi atadikha pamalo pamene kale ankalowa msanga, ayambe wakumba dzenje ndi kuona pamene mizu yakhotera asanalangize mlimi kuonjezera feteleza.